Chinangwa cha Azakhali Sichinafewe

Gulu: Shamsa, Hussein ndi mlonda wawo

LAMLUNGU

15:12 Hussein: [uthenga wochokera kwa Abasi] Mfana, job is ready, bus ndi Saturday usaphonye. But za nikah ya Friday hold on kaye. I hear the girl is short-tempered. Azakhali akamuone, akavomera iwo ine ndilibe mawu.

15:12 Hussein: ndi achimwene ku Joni amenewo. musandiphe ine ndangotumiza

15:13 Shamsa: hold on???

15:13 Shamsa: Shehe tinawauza kale. diresi ili kwa telala. hold on ya chani

15:14 Shamsa: sis Laila

15:14 Shamsa: sis

15:15 Shamsa: ACHEMWALI

15:33 Laila: ndimachapa mayi inu. amayi anandiika m'gulu muno kuti ndizikulonderani musanamange nikah, osati ndikhale ambulance

15:34 Shamsa: inu ndi aphunzitsi a English tandiuzeni. short-tempered ndi chimodzimodzi impatient eti? poti a headmaster ankanditchula impatient kuyambira form 1 mpaka form 4 ndipo palibe anafa

15:37 Laila: [mawu 0:41] tamvera mwana wa sukulu iwe. impatient ndi munthu wosatha kudikira. minibus ikuchedwa kudzaza pa depoti, iye kutsika, kukwera, kutsikanso, kuyang'ana nthawi. phuma basi. short-tempered ndi wa mtima wapachala. ungomugunda phewa mwangozi, wayamba kale kutukwana mtundu wako wonse mpaka agogo ali kumanda. woyambayo amalimbana ndi nthawi. wachiwiriyu amalimbana ndi anthu. ndiye achimwene ake a Hussein akuti iwe ndi wachiwiriyo

15:38 Shamsa: ine?? ndinatukwana ndani ine

15:40 Hussein: akuti za pa mjigo

15:40 Shamsa: aaaa mai Zelifa

15:43 Shamsa: oyandikana nafe aja sis. anatsuka chigubu chimodzi ngati akusambitsa khanda, kumbuyo mzere uli ndondondo. ine ndinangoti "tafulumirani mayi dzuwa likupita". basi. amene anakuwa mpaka nkhuku kuthawa ndi iwowo

15:44 Laila: kukuwa kwawo, mbiri yako kkkk

15:46 Hussein: amapita limodzi ku mapemphero a dawah ya azimayi ndi azakhali anga a Mariam. nkhani yachoka pa mjigo, yafika kwa azakhali ku Mwadzama, yakwera bus mpaka Joni

15:47 Hussein: ndipo ukudziwa azakhaliwo ndi amene anandilera mayi atamwalira. akakana iwo palibe nkhoswe angayime kumbali yanga

15:48 Shamsa: ndiye ukakwera bus Loweruka tisanamange, ubwerako liti

15:55 Shamsa: Hussein

15:58 Hussein: achimwene anatha zaka asanapondenso kuno

15:59 Shamsa: abwere azakhaliwo. andione m'maso. Lachisanu ikatha swala ya Juma ine ndikhala mkazi wako, lembani penapake nonse awiri

LOLEMBA

11:20 Shamsa: abwera. apita

11:20 Hussein: ndiye??

11:24 Shamsa: [mawu 1:05] afika pa kabaza ndi dengu kumbuyo. ine kugwada, salaam, kuwapatsa madzi, tiyi, chilichonse ngati mwana wolongosoka. iwo ndwii. amayi akuwafunsa za mpunga wa chaka chino, iwo "mmh". za ulendo, "mmh". tiyi akuti shuga wachuluka. amayi kuwapangira wina, akuti wachepa. kenako andiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka ku mpango, nkuti, "akuti unakhoza sukulu. ichi ndi chinangwa cha m'munda mwanga, gomani wowawa uja. usende, uviike, uyanike, usinje. ufa wa kondowole ukatha ubwere nawo kwathu, tidzayankhulane." basi anyamuka. za pa mjigo sanafunse nkomwe

11:26 Shamsa: amenewa ndiye short-tempered weniweni sis

11:41 Laila: ayi. amenewo ndi grumpy. sakuwa, samenya, amangokhala ngati dziko lonse linawabwereka mchere osabweza. grumpy amadzuka nazo m'mawa popanda womuputa

11:42 Hussein: kkkkk alamu mwawajambula ndendende

11:43 Hussein: koma ndi abwino mumtima

11:43 Laila: ma grumpy ambiri ndi choncho

11:50 Shamsa: tamverani plan. lero ndisenda ndiviika. Lachitatu chafewa ndivuula. Lachinayi chauma, kusinja, madzulo ndili ku Mwadzama. Lachisanu nikah. Loweruka ndikuperekeza ku depoti ngati mkazi wa munthu

11:52 Laila: plan yabwino ikanakhala October. uno ndi June mwana wa amayi, mwera ukuwomba, madzi ali ngati a mu fridge. gomani safewa ndi calendar

11:53 Shamsa: wanga afewa

16:05 Shamsa: [chithunzi: mgolo wabuluu wodzaza madzi, m'kati muli chinangwa choyera]

16:05 Shamsa: zala zatupa koma chonse chalowa. Bismillah

16:09 Hussein: masha Allah

16:12 Shamsa: ndikusenda ndimaganiza za nyumba yathu. chitseko chobiriwira, mtengo wa ndimu pakhomo, iwe ukutsika bus ndi chikwama chachikulu ine ndakuona kale uli patali koma ndikunamizira kusesa

16:13 Hussein: ndimu ndidzabzala ndekha

16:14 Laila: mlonda alipo. pitirizani koma mwaulemu

LACHIWIRI

06:48 Shamsa: chikadali gwaa

08:15 Shamsa: gwaa

09:02 Shamsa: chimodzi chikuoneka ngati chayamba kunsonga

09:04 Shamsa: ayi ndi maso anga

10:30 Laila: ndili mu class. ukupisa dzanja mu mgolomo kangati pa tsiku?

10:31 Shamsa: amayi andiletsa akuti ndikuchizizitsa. ndiye ndikumangosuzumira

13:17 Shamsa: tambala wa kwa aneba akulira masana ano chifukwa chani. wailesi ya abambo phokoso. mpango ukundiyabwa. ngakhale mphepoyi ikundinyansa

13:25 Laila: lesson 3. uku ndi kukhala irritable. chilichonse chaching'ono chikukukwana lero, ntchentche, tambala, mpweya wa anzako. si khalidwe lako la masiku onse, ndi nyengo chabe. munthu wosagona bwino, wa njala, wa malungo, amakhala irritable

13:26 Shamsa: ndiye ndine impatient komanso irritable

13:26 Laila: ukukwera makalasi

13:40 Hussein: ine ndagula nsapato za pa ulendo. [chithunzi: nsapato zoyera zazitali]

13:42 Laila: alamu mukupita kukagwira ntchito mu shop kapena kukasewera mpira wa pa TV

13:43 Hussein: zavuta chani nsapatozi

13:43 Hussein: nthawi zonse inu mumandiona ngati wa kumudzi

13:44 Hussein: poti sindinafike form 4

13:47 Laila: eee pepani bambo. Shamsa lemba, uyu ndi touchy. ukanena za nsapato iye wamva za certificate

13:48 Shamsa: musamunene. nsapatozo ndi zokongola Hussein. ukadzabwera nazo zitakutha ndidzazisunga pa shelefu

13:55 Hussein: bho. alamu ndakukhululukirani

17:30 Shamsa: gwaa

LACHITATU

06:20 Shamsa: Hussein. sichinafewe

06:21 Shamsa: ndathyola chimodzi, kunja kwayamba koma pakati ngati mtengo

06:40 Hussein: tamvera. pa msika wa ku boma ufa wa kondowole uli mbwee. ndigula, ndibweretsa pa njinga, uthira mu dengu lawo lomwe lija. ufa ndi ufa

06:41 Shamsa: mmh

06:58 Shamsa: wa ndani ufawo

06:59 Hussein: mayi wina wa ku Chia, woyera bwino

07:15 Laila: ine sindikuona, sindikumva, ndikupita ku assembly

07:44 Shamsa: ayi

07:46 Shamsa: ndaganiza ndili pa mjigo. ndikawapatsa ufa wogula, akandivomera, ndiye kuti avomera mayi wa ku Chia uja osati ine. moyo wanga wonse ndizidzagwada pamaso pawo ndikudziwa. andinena kale bodza limodzi, sindiwonjezera langa

07:47 Hussein: ndiye Lachisanu?

07:48 Shamsa: chifewa. ndichikakamiza

10:10 Shamsa: [chithunzi: mgolo uli padzuwa kuseri kwa khitchini, wokutidwa ndi pulasitiki yakuda, pamwamba bulangete la maluwa]

10:11 Shamsa: ndaugubuduza ndekha kufika padzuwa. ndapempha madzi akale oviikira kwa aneba mai Nester ndathiramo, akuti amafulumizitsa

10:30 Laila: bulangete limenelo si lako logona nalo?

10:31 Shamsa: ine sindikufunika kufewa

10:31 Laila: kkkkkkk ya Rabbi

14:52 Hussein: ine zandikwana. ndikupita ku Mwadzama pompano ndikawauze azakhali kuti moyo ndi wanga. akakana ndikang'amba ticket pamaso pawo

14:53 Shamsa: usayerekeze

14:55 Laila: alamu tsikani pa njingapo. Shamsa lemba lina, hot-headed. ameneyu sadikira kuganiza, mutu ukatentha miyendo yanyamuka kale. short-tempered amaphulika pakamwa, hot-headed amakachita chinthu choti mawa adzalira nacho

14:57 Shamsa: Hussein ukapita kumeneko ukatsimikiza zonse zimene akunena. adzati mtsikana uja wamupatsira mwana wathu ukali. khala pansi. nkhondo iyi ndi yanga ndi mgolo

15:20 Hussein: ndakhala

15:21 Hussein: koma mawa ndi Lachinayi Shamsa

15:21 Shamsa: ndikudziwa masiku a sabata

LACHINAYI

06:35 Shamsa: theka lafewa!!! Alhamdulillah

06:36 Shamsa: chabwino si theka lenileni. koma zing'onozing'ono zikuphwanyika ndikafinya kwambiri

06:50 Laila: kwambiri bwanji? chofewa chimaphwanyika chokha ngati nthochi, mtsitsi wa pakati nkusololoka. ngati ukuchita kulimbana nacho sichinathe. amayi akuti chani

06:52 Shamsa: amayi apita kukamweta mpunga kudambo ndi abambo

06:53 Shamsa: dzuwa latuluka bwino lero sis. ndikavuula pano, kuphwanya ting'onoting'ono, pofika 3 chauma

06:54 Laila: Shamsa ayi. gomani wosavunda bwino ndi poizoni, ukudziwa iwenso. ukufuna azakhali a mwini adye azungulire mutu?

06:55 Shamsa: dzuwa limachotsanso kuwawa

06:55 Laila: osati tsiku limodzi

06:58 Laila: Shamsa

07:10 Laila: [foni yosayankhidwa]

07:42 Shamsa: [chithunzi: zidutswa zoyera zoyanikidwa pa mphasa pansi]

07:43 Shamsa: pa thandala pali mthunzi wa mango, ndayala pansi pomwe dzuwa likumenya. ndithamangire kwa telala ndibwera pompano

07:44 Laila: wayala PANSI nkuchokapo??

09:30 Hussein: zikuyenda?

11:05 Hussein: Shamsa kabaza ndamuuza kale akutenge 4

12:15 Laila: wamva chilichonse alamu?

12:16 Hussein: ayi. foni ikungoitana

13:02 Laila: [foni yosayankhidwa]

13:40 Hussein: ndikudutsa kwanuko pa njinga. pakhomo pa mai Zelifa pali anthu

13:41 Laila: anthu a chani

13:41 Hussein: sindingayime, ine mkamwini wosamanga

15:18 Shamsa: ndilipo

15:26 Shamsa: [mawu 2:10] sis musandikalipire, ndakalipiridwa kale kokwanira chaka. ndabwera kuchokera kwa telala ndapeza mbuzi ya mai Zelifa, yaikazi ija ya mawanga, ili pa mphasa yadya pafupifupi theka. ndaithamangitsa. pasanathe nthawi yayamba kunjenjemera, thovu kukamwa, yagwa pafupi ndi mpanda. tayesa makala osinja, tayesa mafuta ophikira, ayi. a Raston amuna a mai Zelifa aitana abambo kudambo, abambo aizinga msanga isanafe yokha, koma nyamayo palibe angadye, taikwirira. kenako mai Zelifa. sis. anthu a pa mjigo onse anabwera. anditchula dzina lililonse. akuti sukulu yandipengetsa, akuti ndikuthamangira mwamuna ngati nsomba yaona nyali, akuti ndikanapha apongozi. anandiloza chala apa pamphuno. ine mawu anabwera mpaka pakhosi, ndinali nawo abwino kwambiri oti ndiwabwezere, za chigubu chawo chija ndi zina. koma ndinayang'ana dzenje la mbuzi lija. ndinagwada. ndinati mayi mwanena zoona, ndalakwa ndine

15:28 Laila: unagwada?

15:28 Shamsa: pa fumbi. anapitiriza mpaka mawu anawathera. ine phee

15:30 Hussein: ndikanakhalapo ine

15:30 Shamsa: nchifukwa chake Allah anakupititsa pa njinga

15:34 Shamsa: abambo amasula mbuzi imene anasungira phwando la nikah yathu, andipatsa chingwe, akuti kapereke wekha. ndaikoka ndekha mudzi wonse ukuona

15:35 Laila: mwana wa amayi

15:39 Shamsa: sis Lamlungu paja ndinasangalala mutati impatient amalimbana ndi nthawi osati anthu. ndinkaona ngati ndi kamlandu kakang'ono, kokongola mwina. koma mbuzi ija sinafe ndi ukali wa mai Zelifa

15:41 Laila: sindinanene kuti ndi kabwino. ndinangoti ndi kosiyana

15:44 Shamsa: zotsala pa mphasa ndakwirira. za mu mgolo zikhala momwemo mpaka zitafuna zokha. kabaza umuuze asabwere

17:05 Hussein: nkhani yafika kale ku Mwadzama. azakhali andiimbira

17:05 Shamsa: akuti chani

17:06 Hussein: akuti "za mbuzi ndamva. ufa uli kuti?"

17:06 Shamsa: basi?

17:07 Hussein: basi. adula

17:09 Shamsa: ndiye sanatseke chitseko. uwauze ufa ukubwera. tsiku sindinena

LACHISANU

09:12 Hussein: ndalankhula ndi mnzanga wina. akuti kuli Shehe wina cha ku Dwangwa akhoza kutimangitsa lero lomwe, mboni tipeza konko

09:30 Shamsa: popanda abambo anga? popanda azakhali ako?

09:31 Hussein: tidzawauza pambuyo

09:36 Shamsa: dzulo ndavuula chinthu nthawi yake isanakwane. waona chatsatira. lero sindivuulanso china

09:37 Hussein: ndiye bus ipite yokha. ndikhala

09:45 Shamsa: ukhala udye chani? ntchito imeneyo achimwene ako aisaka chaka chonse. ukaisiya chifukwa cha ine, ku Joni adzati short-tempered uja wamudyetsanso mankhwala. ukwera. nsapato zoyera zija uvala

09:46 Hussein: sukundifuna?

09:47 Laila: touchy

09:47 Hussein: alamu osati lero

09:47 Laila: pepani. zoona pepani

09:58 Shamsa: ndimakufuna moti dzulo ndapha mbuzi ya eni. usandifunsenso funso limenelo

13:50 Shamsa: anthu akutuluka ku Juma. nthawi ngati ino bwenzi ndili m'chipinda ndi azimayi akundiimbira, iwe uli ku mzikiti ukutuluka thukuta. diresi ndaipachika kuseri kwa chitseko, ndaiphimba ndi chitenje kuti isandiyang'ane

13:52 Shamsa: sindikulira. ndi utsi

14:20 Laila: m'mawa unali mkango, pano utsi. ili ndi moody, koma lero sindikulemba pa bolodi

LOWERUKA

06:10 Hussein: ndili pa depoti. ubwera?

06:12 Shamsa: tili m'njira ndi amayi. akuti ndikupatse moni wa pakamwa basi, manja m'chitenje

07:25 Hussein: tanyamuka. unayima pafupi ndi wogulitsa mandasi uja mpaka takhota, ndinakuona

07:26 Shamsa: ndimafuna kunena zambiri koma amayi anali apa. ndinangoti muyende bwino ngati ndikutsanzika a minibus

07:28 Hussein: ndinamva zonse

11:40 Hussein: Lilongwe. bus yaikulu inyamuka masana. tikadutsa border ya Dedza line iyi izima mpaka ndipeze ya konko

11:42 Laila: muyende bwino alamu. passport m'thumba la m'kati. ndipo a pa border akakuchedwetsani musakhale hot-headed

11:43 Hussein: insha Allah. mundisungire munthu wanga

16:32 Hussein: border. Shamsa chinangwa chija us

16:33 Shamsa: us chani

16:33 Shamsa: usachisiye? usachivuule?

16:40 Shamsa: Hussein

LAMLUNGU

07:05 Shamsa: [kanema 0:09: dzanja likufinya chinangwa, chikuphwanyika ngati phala]

07:05 Shamsa: CHAFEWA

07:06 Shamsa: chokha sis. sindinalimbane nacho. fungo lake loipa bwanji koma ine ngati perfume

07:20 Laila: amayi achiona?

07:21 Shamsa: achifinya, anunkhiza, akuti vuula. ndatsuka, ndaphwanya, chili pa thandala PAMWAMBA

07:22 Shamsa: tsiku limodzi lokha. chikanangofewa Lachinayi

07:24 Laila: si limodzi koma chabwino

12:48 Shamsa: ndakhala pansi pa thandala ndi ndodo kuyambira m'mawa. mbuzi iliyonse ya m'mudzi muno ikundidziwa tsopano

12:50 Shamsa: Hussein uli kuti pano? Tete? akuti kumatentha ngakhale June. umwe madzi

LOLEMBA

10:15 Shamsa: mitambo

10:16 Shamsa: mitambo sis. dzuwa lapita ku Joni nalonso

10:40 Laila: ndiye utani

10:44 Shamsa: ndikhala. ndatenga mpando. mai Zelifa adutsa apa ndi chigubu, ndawapatsa moni, ayang'ana thandala, ayang'ana ndodo yanga, akuti "uzitembenuza, chapansi chimachita nkhungu". sanaseke koma sanatukwane

10:45 Laila: eee

15:30 Shamsa: Hussein tick imodzi yokha kuyambira Loweruka. achimwene ako nambala yawo ndilibe. ungonena kuti wafika

LACHITATU

08:02 Shamsa: chauma gwaa, uku ndi kuuma kwabwino. ndasinja mu mtondo ndekha, ndasefa kawiri. ndalawa, sichikuwawa ngakhale pang'ono. amayi alawanso

08:03 Shamsa: ndakwera kabaza. dengu lili pamiyendo ngati mwana

08:05 Laila: ukafika usayambe ndiwe kulankhula

08:05 Shamsa: ndikudziwa

08:06 Laila: ngakhale atakhala chete mpaka swala ya Asr

08:06 Shamsa: NDIKUDZIWA

08:07 Laila: snappy. kuyankha mothyola ngati nkhuni youma. utsitse asanakumve

08:08 Shamsa: ndikudziwa achemwali anga okondedwa

11:30 Laila: bwanji?

13:15 Laila: Shamsa

14:48 Shamsa: [mawu 1:52] ndatuluka. sis miyendo yachita dzanzi. ndafika, salaam, ndaika dengu. iwo akusankha mpunga mu lichero, osandiyang'ana. asankha mpunga wonse. apita kukaswali. abwera. ine pa mkeka pomwepo. kenako avundukula dengu, atapa ufa ndi zala ziwiri, aika pa lilime. atseka maso. atsegula nkuti, "wachedwa." ine ndati eya mayi. akuti, "chinangwa ndinakupatsa chodzaza dengu, ufa wabwera wochepa." ndati china ndinavuula chisanathe, chinapha mbuzi, ndinakwirira. akuti, "ndikudziwa. Zelifa wandiuza kuti anakutukwana mpaka kummero kuuma, iwe osayankha. akuti zinamunyansa kwambiri." sis ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. ndiye akuti, "phuma uli nalo, limenelo sindingakuchotse, adzakuchotsa ndi ana. koma mwana wanga sakwatira mayi wogulitsa ufa ku msika, akwatira amene wabweretsa ufa wochepawu." kenako akuti tiyi amene ndawapangira shuga wachuluka

14:50 Laila: ALLAHU AKBAR

14:50 Laila: ndakuwa mu staff room, a head andiyang'ana

14:57 Shamsa: pali zina. tapita limodzi kwa Shehe wa kwawo. akuti mwamuna akakhala kutali akhoza kusankha womuimira, nikah nkumangidwa iye ali konko. amalume ake a Hussein, a Fakiri, avomera kuyima. koma Shehe akufuna amve mawu a Hussein mwini wake pa foni, kuti wavomera ndipo watuma a Fakiri. akamva, Lachisanu lino ikatha Juma

14:58 Shamsa: Hussein wamva?

14:58 Shamsa: azakhali AVOMERA

14:59 Shamsa: tikungofuna mawu ako basi

15:20 Laila: azakhali alibe nambala ya Abasi?

15:22 Shamsa: ayimba, ikungolira. akuti amakhala ku ntchito, foni amasiya mu locker. asiya uthenga

17:10 Shamsa: tick imodzi

LACHINAYI

06:30 Shamsa: slm Hussein. kuno kwacha bwino, mwera wachepa. abambo apeza mbuzi ina kwa achimwene awo, yaing'ono koma ndi mbuzi

09:45 Shamsa: anthu amachedwa pa border masiku angapo eti sis? ndi zachizolowezi?

09:58 Laila: zimachitika. Beitbridge mzere wake si wa pa mjigo

12:20 Shamsa: Shehe afunsa. ndawauza kuti akapanda kumveka lero, Juma ina ikubwera. ndanena ndekha ndi pakamwa pangapa, amayi anandiyang'ana ngati ndine mlendo

16:35 Shamsa: foni ndaitchaja kwa a Raston, ndaiika pa zenera pomwe network imagwira. sindiyimbanso. ayimba yekha

16:37 Shamsa: [foni yosayankhidwa]

16:37 Laila: Shamsa

16:38 Shamsa: imeneyo inali yomaliza

LACHISANU

07:52 Laila waika +27 6•• ••• ••• m'gulu

07:54 +27 6•• ••• •••: slm. ndine Hussein, foni ya achimwene. tinagona pa border masiku angapo, ndafika usiku, nsapato zada. mauthenga onse alamu anditumizira koma achuluka, ndangowerenga a kumapeto. auzeni Shehe ayimbe nambala ino, ndaigwira m'manja, sindipita ngakhale kukasamba. mawu anga ndi eya